Awiri pa Dimba la M'chipululu

13 Okutobala 2024

Amake Tamando,

Moni wochokera kutali. Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi mwana wathu, ndiponso kuti bondo lija linkakuvutani pokwera m'minda ya tiyi linasiya. Ine ndili bwino, kungoti milomo yang'ambika ndi mphepo youma ya kuno.

Musandidandaule kuti ndinakhala chete. Ntchito ya pa galaja ija ku Joni inatha, ndipo nditamva kuti pali bwana wina akufuna munthu wodziwa za dimba, ndinavomera ndisanafunse n'komwe kuti dimbalo lili kuti. Tinayenda mpaka msana kuuma, kudutsa tauni ina yotchedwa Upington, kenako tinasiya tala n'kulowa msewu wa miyala. Flossie, kuno n'kuchipululu. Mchenga wake ndi wofiira ngati dothi la kwathu, koma ukauponda umathawa. Kulibe mtengo woti munthu n'kubisalamo. Ukayang'ana uku ndi uku umaona mpaka pomwe dziko lathera, osaona ngakhale utsi wa nyumba ya munthu.

Pakati pa mchengawo ndiye pali dimbalo. Analitchinga ndi waya, pamwamba anakutira neti yakuda yochepetsa dzuwa. Madzi amachokera pansi kwambiri. Pampu ya sola imawakoka n'kuwathira m'thanki, ndipo kuchoka m'thankimo amayenda m'timapaipi todontheza pa tsinde la mbewu iliyonse ngati diripi ya kuchipatala. Ine amene ndinazolowera kuthirira ndi kheni pa dimba lathu lija linakokoloka ndi namondwe Freddy, ndinaganiza kuti akuchita nthabwala. Koma tomato wake ndi wonenepa, ku Bvumbwe anthu atha kumenyanirana. Tilinso ndi sipinachi, anyezi, kaloti ndi bitiruti.

Bwana amakhala m'tauni. Amabwera Lachisanu ndi pikapu kudzatenga ndiwo zokagulitsa ku malo ogona alendo, ndipo amatibweretsera ufa, mafuta, shuga ndi sopo. Ndi mzungu wachikulire wosalankhulalankhula, amapuma movutikira akanyamula kreti.

Sindili ndekha. Ndinapeza madala ena, a Anderson, ndipo simungakhulupirire, kwawo ndi ku Masambanjati. Anachoka inu ndi ine tisanabadwe, anagwira ntchito m'migodi, sanabwererenso. Atamva kuti ndine wa ku Khonjeni anandifunsa ngati nthochi zikadalipo m'mbali mwa msewu. Nditawauza za matenda aja anamaliza nthochi zambiri, anangopukusa mutu n'kupita kukatseka madzi.

Netiweki kuno kulibe. Kuti foni igwire ndimakwera kaphiri kena ka miyala, mtunda wake ngati kuchoka kwathu kukafika pa msika wa Khonjeni. Choncho ndizilemba pa pepala, Lamlungu ndizikwera kukajambula n'kutumiza pa foni ya alamu a Crispin. Muwauze azikupatsani muziwerenga nokha.

Malipiro akatuluka bwana akuti azitumiza okha kwa inu. Muyambe ndi fizi ya Tamando, zotsala mugule feteleza mtengo usanakwerenso. Za mapepala anga musafunse pa foni ya eni. Mungodziwa kuti kuno apolisi safikafika, n'chifukwa chake ndinavomera.

Mundiperekere moni kwa apongozi ndi onse a pabwalo.

Ndine mwamuna wanu,
Zakeyu

3 Novembala 2024

Amake Tamando,

Ndinakondwa kumva mawu anu amene munajambula pa foni. Ndinawabwereza kangapo ndili pa kaphiri mpaka batire linayamba kudandaula. Ndamva kuti mvula yayamba ndipo tiyi waphukira, ndiye makilo ayamba kuoneka. Musadzipanikize kufuna kupyola atsikana pa sikelo, msana ndi umodzi. Ine kuno thupi lili bwino.

Mwafunsa kuti tsiku limatha bwanji. Timadzuka kusanache kukatsegula madzi, chifukwa ukathirira dzuwa litakwera mbewu zimapsa ngati wazithira madzi a moto. Timayenda mzere ndi mzere kutokosa timabowo ta mapaipi ndi singano, poti madzi a kuno ndi amchere ndipo amatseka. Kenako kupalira, kumangirira tomato ku zingwe, kuphimba mizu ndi udzu wouma umene bwana amabweretsa. Dzuwa likafika pamutu palibe agwira ntchito, ngakhale abuluzi amabisala. Timalowa m'kanyumba kathu ka malata, kunyowetsa masaka n'kupachika pa zenera, n'kumadikira kuti kuzizireko.

Nthawi yodikirayo ndi imene yandibweretsera chinthu chomwe ndikuchita nacho manyazi kukuuzani. Tsiku lomwe ndinkalemba kalata yoyamba ija, madala anapempha kuti aone. Anati ku mgodi iwo ndi amene ankalembera anzawo makalata opita kumudzi, ndipo kenako anazolowera kuwerenga buku lililonse lomwe azungu ataya. Atawerenga anandifunsa ngati ndinalembapo china choposa kalata. Sindikudziwa chomwe chinandigwira. Ndinawauza zimene sindinauzepo munthu, ngakhale inu, kuti chimwalirireni amayi anga ndakhala ndikufuna kulemba za moyo wawo: momwe makolo awo anabwerera kuchoka ku Mozambiki, momwe anayambira kutchola tiyi ali kamtsikana mpaka zala kupindika. Ndinkayembekeza kuti andiseka, munthu wolekeza Fomu 2. Koma Lachisanu lotsatira bwana anatsitsa makope ndi zolembera pamodzi ndi ufa, madala atawatuma.

Kuseka anaseka ataona tsamba loyamba. Ndinayamba ndi mawu akuti moyo wa munthu ndi ulendo wautali wodzala ndi minga. Anandibwezera kope n'kunena kuti, "Wolemba apa ndi m'busa, si mwana wa munthu. Amayi akowo ali pati? Ayike panjira, dengu lili kumsana, ndiwaone." Ndinakwiya, ndinatuluka kukakhala kuseri kwa thanki padzuwa lomwelo. Koma mawa lake ndinayambiranso. Ndinalemba amayi akutsika ku malaini a esiteti m'chiperoni, atafunda pepala la pulasitiki, akutafuna kachidutswa ka makaka. Madala anawerenga, anabwereza, kenako anangoti ndipitirize.

Ndiye ndikupempheni. Tsiku la sabata mumutume Tamando kwa azakhali ku Bvumbwe, akawafunse dzina la mtsinje umene agogo anawoloka, ndi nyimbo yomwe amayi ankaimba ndi anzawo popita ku sikelo. Alembe momwe azakhaliwo anenere, asakonze.

Chimodzi chokha ndicho chimandisowetsa mtendere. Kuno kuli zii woti umamva magazi ako akuyenda m'makutu. Tsiku lina ndili m'mizere ndinamva kulira kwa galimoto kutali, pomwe silinali Lachisanu. Ndinazindikira nditagona chafufumimba pakati pa tomato, mchenga uli m'kamwa. Galimotoyo sinafike n'komwe kuno. Madala anandipeza ndikudzisasa.

Tamando alimbikire, mayeso ayandikira.

Zakeyu

8 Disembala 2024

Amake Tamando,

Moni nonse. Ndamva kuti apongozi anadwala malungo, ndathokoza Mulungu kuti adzuka. Ine ndili bwino ndithu.

Zimene munanena ndazimva, ndipo sindikukutsutsani. Zoona buku silidyedwa, ndipo sindinasiye mkazi ndi mwana kuti ndidzakhale mlembi. Koma dziwani kuti sindilemba nthawi ya ntchito. Ndikapanda kulemba masana ndimangokhala n'kumamvetsera msewu, ndipo mutu umayamba kundiuza zinthu zoipa. Ndikagwira cholembera ndimakhala kwathu, ndimamva fungo la tiyi wochokera ku fakitale, mpaka madala andigwedeze kuti nthawi yothirira yakwana. Mundilole kaye.

Ndakondwa kuti ndalama zinafika. Za malata dikirani pang'ono, podonthapo mutseke ndi pulasitiki. Mbuzi musagulitse ngakhale alamu anene kuti nyengo ya Khirisimasi mtengo wakwera.

Dimba latipatsa ntchito mwezi uno. Nungu anakumba pansi pa waya n'kudya mzere wonse wa bitiruti, tinakhalira kunyamula miyala kutseka mayenje. Titangomaliza kunabwera chimphepo cha mchenga, kumwamba kunafiira masana, neti inang'ambika pakati. Taisoka ndi waya, koma pomwe dzuwa linalowa maluwa a tomato anayoyoka. Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi pampu. Yayamba kutsokomola, imatulutsa madzi ndi mpweya, ndipo thanki sikudzazanso ngati kale. Bwana anaimvetsera n'kunena kuti abweretsa makaniko Khirisimasi ikadutsa. Ankalankhula atatsamira pikapu, nkhope ili mbuu. Makreti tinakweza tokha.

Mumuthokoze Tamando, nyimbo ija ndailandira ndipo yalowa m'buku. Ndafika pamene amayi anakangana ndi kapitawo wina amene ankawadula makilo ponena kuti masamba anyowa. Ndinamulemba ngati satana weniweni. Madala anandifunsa ngati kapitawoyo analibe ana, ngati sankaopa womuyang'anira, ndiponso kuti ankadya chiyani akabwerera kwawo. Ndinati zimenezo sindikuzidziwa. Anati ndiye sindinayambe kumulemba. Ndinakhala masiku ndikumuganizira munthu amene ndinamuda kuyambira ndili mwana, mpaka ndinakumbukira kuti ankayenda ndi nsapato imodzi yomangidwa ndi luzi. Ndinailemba nsapatoyo.

Koma pali pena pomwe ndakanika. Amayi akamalankhula m'bukumo samveka ngati iwo. Iwo ankalankhula Chilomwe, ine ndikuwalembera Chichewa, ndiye akutuluka mayi wina waulemu wa ku tchalitchi. Ndayesa kutseka maso kuti ndimve mawu awo, sakubwera, ndipo zimenezi zimandiopsa kuposa momwe mungaganizire. Madala pamenepa sangandithandize. Akuti Chilomwe chinawathawa kalekale, chatsala ndi moni yekha.

Iwonso sindikuwamvetsa masiku ano. Dzana anagwetsa kapu ya tiyi, ndipo anakhala akuyang'ana dzanja lawo ngati la munthu wina. Akuti analigonera. Ndinawauza kuti akwere ndi bwana akaonane ndi adokotala, poti iwo ali ndi chitupa cha dziko lino, saopa kanthu. Anayankha kuti akachoka andiwerengera ndani, n'kusintha nkhani.

Khirisimasi mugule kankhuku, musadzimane.

Zakeyu

5 Januwale 2025

Flossie,

Chaka chabwino kwa inu nonse. Ndikhulupirira mwalowa muli amoyo. Kalata iyi muwerenge muli nokha, Tamando asaione.

Bwana sanabwere. Tinawaona komaliza Khirisimasi isanafike. Lachisanu loyamba tinati mwina ndi zikondwerero. Tinathyola tomato monga mwa masiku onse, tinasanja makreti pamthunzi, tinadikira mpaka dzuwa kulowa. Lachisanu linalo chimodzimodzi. Ndakwera kaphiri kangapo kuwaimbira. Poyamba foni inkalira osayankhidwa, tsopano siikupezekanso. Nambala ina ya kwa bwana tilibe. Madala akuti ana a bwana amakhala ku Cape Town, koma sanawaonepo. Ndinaganiza zofunsa anthu a m'tauni, kenako ndinazindikira kuti sindidziwa munthu ngakhale mmodzi kumeneko.

Choncho ndalama za Disembala sizinatuluke. Mupite nokha kwa ahedi mukawafotokozere kuti adikire, musatume mwana.

Tomato wa m'makreti uja wina anaola. Wotsala tamudula n'kuyanika pa malata ngati momwe mumachitira ndi mfutso. Ndiwo tili nazo zambiri, koma ufa watsala pansi pa thumba, ndiye tikuphika kamodzi. Musade nkhawa ndi njala, munthu safa ali m'dimba. Nkhani ndi madzi. Pampu ikupereka theka la zomwe inkapereka, ndipo madzi omwewo ndi amene timamwa. Tinakhala pansi kusankha mbewu zoti zife. Tinatseka mapaipi a anyezi ndi kaloti kuti tomato ndi sipinachi zitsale. Anyezi amene ndinawokera ndi manja anga ndinawaona akugona m'masiku ochepa. Tsopano mbali imeneyo sindidutsako.

Ndinaganiza zoyenda wapansi kukafika pa tala. Madala akuti ndi ulendo woposa tsiku, wopanda mthunzi, ndipo iwo sangaukwanitse. Akuti ndipite ndekha. Koma ndikawasiya, ndani azitsegula madzi, poti dzanja lija tsopano silithanso kupotokola mpopi? Komanso pa tala mukudziwa amene amaimika anthu.

Mwina mudabwa kumva kuti buku likupitirira. Madala ndi amene akuumirira, akuti tikasiya tiyamba kupenga. Kope sangathenso kuligwira, ndiye ndimawawerengera mokweza iwo atagona pa machira awo. Ndaphunzira chinthu pamenepa: pomwe ndanama kapena ndakometsa, lilime limapunthwa lokha iwo asananene. Dzulo ndinawawerengera za tsiku lomwe amayi anabereka mlongo wanga m'munda wa tiyi, anzawo atawatchinga ndi zitenje. Nditamaliza ndinaganiza kuti agona. Kenako anati, "Tsamba limeneli usalikhudzenso. Latha."

Ndikamalemba ndimaima pafupipafupi kumvetsera. Kale ndinkaopa kumva galimoto. Pano ndikuopa kuti sindidzaimvanso.

Muwapemphe amayi a chigwirizano atipempherere, koma musawauze zambiri. Mungoti abambo ake Tamando ali pa mayesero.

Zakeyu

12 Januwale 2025

Flossie,

Ndikulemba mofulumira ndili pa kaphiri, muwerenge momwemo.

Madala agwa m'mawa uno pakati pa tomato. Ndinawapeza ali chagada, pakamwa patapotoka, mbali ya kumanja yonse itafa. Ndinawagoneka pa saka n'kuwakokera m'nyumba. Akupuma, maso ali otsegula, koma mawu sakutuluka. Ndawadonthezera madzi ndi supuni, ndawafunditsa saka lonyowa, ndathamangira kuno.

Pali nambala ya zangozi yomwe madala anandilembera kale pa chitseko. Anandiuzanso kuti ambulansi siifika ku mafamu a kuno popanda apolisi oitsogolera, chifukwa ndi okhawo amene amadziwa njira. Potuluka ndinawauza kuti ndikukaimba. Anagwira buluku langa ndi dzanja labwinolo n'kumapukusa mutu. Ndinachita kuwamasula zala.

Nambalayo ndailemba kale pa foni, changotsala n'kudina. Ndimafuna kalata iyi ipite kaye. Ndikuganiza za fizi, za malata, za inu mukukwera m'minda ndi bondo limenelo, ndipo ndikudziwa chomwe ndikutaya. Mundikhululukire.

Mukapanda kundimva musagulitse kanthu, musapite kwa asing'anga, musamvere za anthu. Mungodikira.

Zakeyu

15 Januwale 2025

Amake Tamando,

Ndili moyo, ndili bwino, sanandimenye. Ndikulemba pa benchi ya chipatala m'tauni. Mauthenga anu onse ndawaona, musalirenso.

Ndinaimba. Nzeru yanga inali yoti ndimange nsanza yofiira pa geti, ndisiye chitseko chotsegula, ine ndibisale mpaka atawanyamula. Anafika dzuwa litapendeka, galimoto ya polisi patsogolo. Ndinali kuseri kwa thanki. Mayi wa ambulansi analowa n'kuyamba kufunsa madala dzina lawo, chomwe chikuwapweteka, mankhwala omwe amamwa. Anafunsa m'Chizungu, anafunsa m'chinenero cha kuno, zomwe madala amazidziwa bwino. Ndipo ndinamva akuyankha. Mawu anali atabwerera, koma Flossie, anali a Chilomwe. Chilomwe chenicheni chakale, chonga cha agogo. Ankanena kuti mutu ukuwawa, akuopa, asawatenge okha. Mayiyo ankangobwereza kuti sakumva. Madala anayamba kulira ngati mwana, akuitana dzina langa.

Ndinatuluka. Sindinganene kuti ndinalimba mtima, ndinangopezeka ndaima pakhomo ndikumasulira.

Wapolisi wamkulu ndi amene anatiuza za bwana. Anamwalira kwawo m'tauni chaka chisanathe, mtima unaima. Ana awo anabwera, anaika maliro, anakiya nyumba n'kubwerera. Ankaganiza kuti dimbalo bambo awo analitseka kale. Palibe ankadziwa kuti kuli anthu. Wapolisiyo ananena kuti tikanapanda kuimba, mwina akanadzatipeza ogula malowo. Sanamalize, ndipo ine sindinafune kuti amalize.

Tisananyamuke ndinapempha kanthawi. Ndinatsegula mapaipi onse a tomato kuti azidontha malinga pampu ikugwira, ndinatenga makope anga ndi jekete la madala. Zina zonse zinatsala.

Kuchipatala kuno wapolisi uja anandipempha pasipoti. Anaitsegula, anaona masiku, anandiyang'ana, n'kuiika m'thumba lake. Anafunsa ngati madalawo ndi bambo anga. Ndinati inde. Anati, "Khala nawo mpaka adokotala amalize. Ndidzabwera kudzakutenga, ndipo ndidzakupeze pompano." Ndinalonjeza. Chitseko n'chotsegula, palibe akundilondera, ndipo ndayang'anapo msewu kangapo. Koma anamwino akafuna kuwamwetsa kapena kuwatembenuza amaitana ine, chifukwa palibe wina amene amamvana nawo.

Adokotala akuti magazi anatayikira m'mutu, ndipo tinachedwa. Masana ndimakhala pambali pa bedi. Dzulo anandilozera makope. Ndinayamba kuwerenga m'Chichewa, anapukusa mutu, sankamva. Ndiye ndinayamba kutembenuza m'Chilomwe ndikuwerenga, mzere ndi mzere, Chilomwe changa chopunduka chija. Ndikalakwitsa amandifinya dzanja n'kunena mawu oyenera. Titafika pomwe amayi akukalipira kapitawo, madala anandikonzera liwu limodzi la chipongwe limene ndinali nditaliiwala, ndipo pomwepo ndinawamva amayi anga, mawu awo enieni, ngati aima kumutu kwa bedi. Ndinayamba kulira mokweza. Anamwino anaganiza kuti madala atisiya.

Sindikudziwa kuti foni ndikhala nayo mpaka liti. Tamando mumuuze zoona tsopano, ndi wamkulu.

Zakeyu

2 Febuluwale 2025

Amake Tamando,

Moni kwa inu, kwa mwana wathu, kwa apongozi ndi alamu. Kalata iyi ifika kudzera pa nambala yachilendo. Ndi ya mayi wina wa mpingo amene amabwera kudzationa, musamuvutitse ndi mafoni. Yanga anandisungira ku ofesi.

A Anderson anatisiya masiku angapo nditakulemberani. Kunali masana, ndinali nditawagwira dzanja. Ndinawatseka maso, ndinathandiza anamwino kuwasambitsa, ndinawafunditsa jekete lawo. Wapolisi uja anabwera mawa lake ndipo anandipeza pa benchi pomwe anandisiya. Ku manda sindinapite. Ndinauzidwa kuti aboma anawaika ku manda a m'tauni momwemo.

Pano ndili ku malo komwe amasunga anthu odikira kubwezedwa kwawo. Tilimo ambiri, a kwathu alimo a ku Mulanje, Mangochi, ngakhale a ku Mzimba. Chakudya timalandira. Chondiopsa ndi chifuwa, anthu akutsokomola kwambiri ndipo timagona mothithikana. Tsiku la basi palibe akulidziwa, ena akuti sabata ino, ena akhala akumva zomwezo kwa nthawi yaitali. Dzina likaitanidwa mtima umadumpha, osadziwa ngati ndi ulendo kapena ndi khoti.

Ndikubwera chimanjamanja, Flossie. Ndilibe chikwama, ndilibe nsapato za Tamando zomwe ndinamulonjeza, ndili ndi zovala za m'thupi ndi makope m'jumbo. Anthu akanena, asiyeni anene. Mbuzi ija tsopano mutha kugulitsa, mwana asakhale pakhomo. Mufunsenso kwa akapitawo ngati adzafune anthu odulira tiyi mvula ikatha. M'bukuli ndabwerera m'mbuyo, ndili pomwe amayi akukwatiwa. Kuno sindingalembe bwino, masamba opanda kanthu ndagawira anzanga olembera kwawo. Ndidzakuwerengerani ndikafika, ndipo mukadzati ndisiye, tidzakambirana.

Koma pali ntchito imodzi yomwe singadikire ine. Ali kuchipatala madala anatchula mlongo wawo, a Debora, amene anawasiya ali mtsikana ku Masambanjati, kumunsi kwa msika, pafupi ndi kamtsinje komwe anthu ankaumbirako njerwa. Anawatchula kangapo kuti ndisaiwale. Mupite ndi alamu a Crispin mukanene maliro. Musakanene pa foni kapena pamsewu. Mukavale chitenje chabwino, mukafike pabwalo, mukakhale pansi, akakupatseni moni, kenako alamu akayambe.

Mukawauze kuti mchimwene wawo sanali chidakwa kapena wakuba, anali mlimi wa dimba ndiponso munthu wodziwa mabuku. Mukawauze kuti sanafe yekha, anasambitsidwa, ndipo anamwalira akulankhula chinenero cha makolo awo. Akafunsa chifukwa chomwe sanabwererenso, mukanene kuti sindikudziwa, poti sanandiuze ndipo sindinawafunse.

Mwina mukapeza kuti a Debora nawonso anapita. Mukatero mukauze ana awo. Ngati palibe amene akuwakumbukira a Anderson, mukauze aliyense wamkulu amene mukamupeze pamalopo, ndipo inu mukayambitse kulira, ena akatsatira.

Ndine mwamuna wanu,
Zakeyu